Mankhusu a Lenia

Lenia ankakhala m'munsi mwa phiri la Michesi. Tsiku lina iye ndi amayi ake anapita kuseri kwa phiri. Anasenza mpunga m'dengu kukapereka kwa abambo ake, amene ankathyola tiyi kumeneko.

Mlongo wake, Sitima, anali khanda. Anatsala kunyumba ndi azakhali.

"Tifulumire," anatero amayi pobwerera. "Sitima ali ndi njala. Akufuna bere."

Anakwera. Anakwerabe. Anafika pampata, pakati pa mapiri awiri.

Mwadzidzidzi kunagwa nkhungu. Mitengo inasowa. Njira inasowa. Ngakhale mbalame zinangoti zii.

Kenako anamva likhweru.

Fyuuu! Fyuuu!

"Amayi, ndani akutiitana?"

"Usayankhe, mwanangu," amayi ananong'ona. "Phiri lino lili ndi eni ake."

Lenia anachita mantha. Iye ndi amayi anapitiriza kuyenda. Anazungulira mwala waukulu. Anauzunguliranso. Tsopano sanadziwe kumene kunali kwawo. Uku kunali kotsika. Ukonso kunali kotsika.

Fyuuu! Fyuuu!

Mphepo yozizira inamukhudza Lenia m'khosi. Inali ngati dzanja lonyowa. Lenia anafuna kulira. Koma anakumbuka kanthu.

Kunyumba, amayi akamapeta mpunga, iye ankakonda kuthamangitsa mankhusu. Amayi ankamunena kuti ndi ulesi. Komatu ulesiwo unamuphunzitsa zambiri! Nyengo yozizira ngati imeneyi, mankhusu sankaulukira kuphiri. Ankaulukira kuchigwa.

"Amayi, tsitsani dengu," anatero Lenia.

Pansi pa dengu panatsala timankhusu. Lenia anatapa pang'ono. Anaponya m'mwamba. Mankhusu anauluka.

"Kwathu ndi uko!" anatero. "Mphepo iyi yakwera phiri ngati ife. Tsopano ikutsikira kwathu."

Anatsatira mankhusu. Anayenda pang'ono. Lenia anaponyanso. Anayendanso pang'ono. Lenia anaponyanso.

Anadutsa pakati pa miyala iwiri. Mphepo inkapanikizika pamenepo, n'kumalira. Fyuuu! Amayi sanayang'ane kumbali. Anagwira dzanja la Lenia mwamphamvu.

Mankhusu anatha. Nkhungu nayo inayamba kutha. Pansi anaona minda ndi madenga a udzu. Anamva kulira kwina. Koma uku sikunali kulira kwa phiri.

"Ndi Sitima!" anafuula Lenia.

Anathamanga. Amayi ananyamula Sitima. Sitima anayamwa, nakhala chete.

"Wakusonyezani njira ndani mu nkhungu yonseyi?" anafunsa azakhali.

Amayi anaseka. Anachotsa kankhusu m'tsitsi la Lenia.

"Mlesi wanga uyu," anatero.