Chikwama cha Malemu Overton

Dontho loyamba linamugwera Gomezgani pachipumi m'bandakucha wa Lachiwiri. Linali lozizira ngati lachokera m'firiji. Anadzidzimuka n'kuyang'ana kudenga, koma denga linali louma. Ku Doha mwezi wa Ogasiti mvula siigwa, ndipo makina oziziritsa chipinda anali ku khoma lina, kutali ndi bedi lake. Pamwamba pa mutu wake panali chinthu chimodzi chokha, chikwama chobereka kumsana cha malemu Overton, chimene chinagonekedwa pa shelefu.

M'chipinda chimenecho, pa nyumba ina yosanjikiza m'dera la Old Airport, ankagonamo atatu. Gomezgani wa ku Rumphi ankayendetsa galimoto yogawa katundu, Macfussy wa ku Ndirande ankaperekera zakudya mu hotela, ndipo Overton wa ku Mulanje ankakonza magetsi. Achinyamata a masiku ano sadziwa kukhala pansi. Anzawo akamapita kumudzi pa tchuthi kukaona makolo, atatuwa ankabereka zikwama n'kumakayendayenda m'maiko a eni. Chaka chathachi anakafika ku Georgia. Anagona mu tenti m'mphepete mwa nyanja ya miyala yakuda, anasamba pa mathithi ogonthetsa m'khutu, analowa m'mabwinja a mzinda wakale wosemedwa m'thanthwe, kenaka anakwera mpaka pa phiri la madzi oundana amene sasungunuka chaka chonse. Mwini tenti, mwini kamera, ndiponso mwini nzeru za ulendo anali Overton. Enawo ankangotsatira.

Mu Julaye Overton anagwa ali pa ntchito, mtima n'kuima. Thupi linatumizidwa kwawo, koma chikwama chinatsala. Bambo Bakali, mkulu amene Amalawi a m'deralo amamumvera pa zovuta, anayendetsa zinthu mwadongosolo. Pamaso pa anthu asanu analongedza zonse za ulendo m'chikwamacho, anamanga kukamwa kwake, anakhoma loko, kiyi n'kumutumiza pamodzi ndi maliro. Katundu wa womwalira satsegulidwa ndi mlendo. Amatsegulidwa abale atasonkhana, ndipo amene wamasula abale asanafike, chilichonse chosowa chimakhala pamutu pake. Popeza Gomezgani ndiye anali pafupi kupita ku tchuthi, chikwama chinaperekedwa m'manja mwake.

Amayi Walije, mayi ake a Overton, anamuimbira okha foni. "Mwananga," anatero, "mnzakoyo anandiuza kuti mu kamera yake muli mawu ake, akundilonjera ali pa phiri loundana lija. Nkhope yake sindinaione m'bokosi. Undibweretsere chikwamacho chili chotseka."

"Chifika mmene achimangiramo, amayi," anayankha Gomezgani. Iye sanali munthu wolonjeza kawiri.

Tsono m'mawa wa Lachiwiri uja anamuuza Macfussy za dontholo. Macfussy anasiya kupesa tsitsi, anayang'ana pa shelefu kwa kanthawi, kenaka anaseka.

"Aise, ndi thukuta lako lomwe. Yalla, fulumira, uchedwa ku shifiti."

Usiku wotsatira Gomezgani anadzuka pilo yake itanyowa mbali imodzi. M'chipinda munali mdima wa bii, kupatula kuwala kofiira kwa chikwangwani cha sitolo ya kutsidya kwa msewu, kumene kunkalowa pampata wa katani. Makina oziziritsa ankalira chapansipansi. Pakati pa kulirako anamva china: tho... tho... tho, pang'onopang'ono, mosaphonya, ngati munthu akuwerenga. Anaimirira pa bedi n'kugwira chikwama. Kumwamba kwake kunali kouma ndi kofunda, koma kunsi kunali konyowa, kozizira mpaka zala zake zinachita dzanzi. Kuzizira kotero anakumvapo kamodzi kokha m'moyo mwake, tsiku limene Overton anamugwiritsa khoma la madzi oundana n'kumuuza kuti, "Gwira, udzakawauze a ku Rumphi." Loko anali wokhoma bwinobwino.

"Macfussy," ananong'ona. "Dzuka. Tagwira apa."

Macfussy anabwera mozengereza, anakhudza, n'kubweza dzanja msanga.

"Wallah, ndikulumbira, izi si zabwino," anatero motsitsa mawu. "Ukukumbukira pa mabwinja paja? Overton anatola kamwala m'phanga lija. Ndinamuletsa ine. Ndinati malo amenewa munagona anthu."

"Sindinaone zimenezo."

"Iwe unali kutsogolo, ukufunafuna potawasa. Kamwalako kali mmenemu."

Usiku wachitatu ndiwo unali woipa. Gomezgani anagona atatembenuzira mutu kumiyendo kwa bedi, kuthawa madontho. Cha m'ma thuu koloko anamva mkokomo wa madzi, wapatali, ngati mtsinje wodzaza uli kuseri kwa khoma. Anayesa kuti ndi mipope ya m'nyumbamo. Koma mkokomowo unakula, ndipo anauzindikira: anali mathithi aja. Kenaka m'kati mwa mkokomomo munamveka kuseka. Kuseka kwa Overton kunali kwakekwake, kunkayamba ngati chifuwa n'kuthera m'mwamba. Kunamveka kamodzi, kwa kanthawi kochepa, zonse n'kukhala zii. Gomezgani anauma thupi lonse. Pa bedi la Macfussy panali mulu wa bulangete, wosagwedezeka. Gomezgani anayamba Pemphero la Ambuye mumtima, koma ankangofika pakati n'kuyambiranso, mpaka mzikiti wa pakona unaitana anthu ku pemphero la m'mawa.

Nkhani ya mtundu umenewu siikhala m'chipinda. Pofika Lachisanu inali itafika ku dera la Al Hilal, kwa amayi ogwira ntchito m'nyumba za eni dziko. Ena ankati Overton akufuna katundu wake msanga. Ena ankati ndi eni phanga lija akulondola mwala wawo. Analiponso onena kuti mzimu suvutitsa munthu wosalakwa, ndiye Gomezgani afotokoze bwino chimene anamuchita mnzake. Amuna a m'chipinda choyandikana nacho anasiya kumulonjera pa khomo la bafa. Iwo anali ndi dandaulo lawolawo: mabotolo a madzi amene aliyense amaumitsa m'firiji ya onse kuti anyamule ku ntchito ankasowa usiku, ndipo zimenezonso anazikankhira kwa malemu, ati akumva ludzu.

Gomezgani anaonda m'masiku anayi. Maso analowa m'kati. Tsiku lina anagona pa chiwongolero pa maloboti, mpaka a m'mbuyo anamudzutsa ndi mahutala. Anapita kwa bambo Bakali.

"Kwatsala masiku angati kuti unyamuke?" anafunsa mkuluyo.

"Asanu ndi anayi."

"Pirira. Pemphera mwa chipembedzo chako, ine ndipemphera mwa changa. Koma loko uja usamukhudze. Ukamva mantha kagone pa khonde."

Macfussy ankanena zina. Madzulo aliwonse ankakhala m'mphepete mwa bedi la Gomezgani, nkhope ili yachisoni.

"Bwanawe, ukufa ndikuona. Tsegula, uchotse kamwalako, tikataye m'nyanja ku Corniche, khalasi, nkhani yatha. Adziwe ndani?"

"Ndinalonjeza."

"Unalonjeza kwa gogo amene ali ku Mulanje. Iye akugona tulo, iwe ukuvutika. Ine ndine m'bale wako, tinadyera mbale imodzi pa chisanu paja. Ndingakuulule?"

"Ngati ndi zophweka, tsegula ndiwe."

"Aaa, ine ayi. Anapatsa iwe."

Usiku wa Lamlungu madontho anachuluka, ndipo anayamba kuyenderera pa khoma n'kusiya mzere wakuda. Gomezgani sanagone. Anakhala tsonga, msana utatsamira khoma, akumvetsera kupuma kwa Macfussy. Cha m'ma folo anaganiza zotsitsa chikwamacho kuti achiike pansi, m'beseni, madzi asaonongenso khoma la eni. Sanafune kutsegula. Anachikumbatira, anachikoka pang'onopang'ono, ndipo pochitsitsa china chake chinagubuduka m'kati n'kugunda chinzake: gu! Kunali kulira kwa zinthu zolimba, zoulungika. Tenti siilira choncho. Jekete siilira choncho.

Anagwada, n'kuyamba kupapasa kunsi kumene kunkachokera madzi. Zala zake zinalowa pansi pa kansalu kopindika, ndipo zinakumana ndi zipi. Apo ndi pamene anakumbukira. Zikwama za apaulendo zili ndi khomo lachiwiri kunsi, lotulutsira zofunda popanda kumasula pamwamba. Overton ankatsegula pamenepo usiku uliwonse pa ulendo uja. Bambo Bakali ndi anzawo anazolowera masutikesi, ndiye anakhoma pakamwa pokha. Gomezgani, ndi chisoni cha masiku amenewo, sanaganizeko. Odziwa za khomo limenelo anali atatu, ndipo mmodzi anali m'manda.

Akanayenera kudikira kuche. Akanayenera kuitana bambo Bakali kuti adzaone ndi maso awo. Dongosolo lilipo kuti litchinjirize munthu pa nthawi ngati imeneyo, pamene mutu watentha. Koma Gomezgani anali asanagone bwino masiku asanu ndi limodzi. Anakoka zipi.

Mabotolo anagubudukira pa matailosi, asanu ndi awiri, ena oundana gwa, ena atayamba kusungunuka, onse ali thukuta kamukamu. Analowetsa dzanja mpaka m'phewa. Munali makatoni opindapinda ndi thaulo lakale. Tenti munalibe. Nsapato zokwerera mapiri, jekete, thumba logonamo, zonse munalibe. Kamera munalibe.

Getsi linayaka. Macfussy anali chiimire pa khomo, foni ili m'manja, ndipo inalira kawiri: tcha, tcha.

Anayang'anana. Madzi a m'mabotolo ankafalikira pansi, kunyowetsa maondo a Gomezgani.

"Ndiwe," anatero Gomezgani.

"Tsitsa mawu, anthu akugona." Macfussy anakhala pa bedi lake, zala zikuyenda pa foni. "Tamvera, aise. Ku Mulanje tenti akagona ndani? Gogo uja? Nsapato zija akanapatsa mlamu wina azikalimira. Ine ndili ndi ulendo wa ku Nepal mu Okutobala, ndi anzanga a ku hotela. Overton akanandibwereka."

"Nanga madziwa?"

"Ndinkangofuna kuti chizilemera. Ndinatenga mabotolo m'firiji, osaganiza kuti achita thukuta. Koma nditaona mmene unanjenjemerera, ndinati basi, nzeru ndi imeneyi, mantha akutsegulitsa wekha. Ndimasintha iwe uli ku shifiti, kapena ukapita kosamba."

"Ndinamumva akuseka."

"Ndinkaonera mavidiyo a mu kamera yake m'bulangete. Komaliza." Apa Macfussy anayang'ana kumbali. "Wogula kamera ankafuna yopanda kanthu. Ndinafufuta."

"Moni wa amayi ake unali mmenemo!"

"Unali wa masekondi makumi awiri okha. Mphepo yokhayokha, mawu samamveka n'komwe."

Gomezgani anaimirira. Sanamumenye. Anati, "Kukacha tipita kwa bambo Bakali. Ukanene wekha zimene wanenazi."

"Ndikanene chiyani? Ine ndadzuka ndi phokoso, ndayatsa getsi, ndapeza munthu atagwada pa chikwama cha malemu, dzanja lili m'kati." Anatembenuza foni kuti Gomezgani aone. Chithunzi chinali chooneka bwino: nkhope yake, zipi wotseguka, mkono wake utamira m'chikwama. Chinali chitapita kale ku gulu la Amalawi a ku Doha, ndiponso kwa mchimwene wake wa Overton. Pansi pake Macfussy analemba kuti: *Abale, mtima ukundiwawa. Mzimu tinkaunena uja ndi uwu.*

Mzikiti unaitana. M'zipinda zina mafoni anayamba kulira, imodzi imodzi, ndipo kunamveka anthu akutsegula zitseko n'kumanong'onezana m'khonde. Gomezgani anayesa kuimbira bambo Bakali, koma foni yawo inali yotanganidwa. Asanayeserenso, yake inalira. Inali nambala ya ku Mulanje. Kumeneko kunali kusanache.

"Gomezgani." Mawu a amayi Walije anali ouma, opanda misozi. "Andidzutsa kuti ndione chithunzi. Maso angawa ndi okalamba. Ndiwe?"

"Ndine, amayi. Koma mundilole ndifotokoze..."

"Ndikufunsa chimodzi. Unatsegula ndi manja ako?"

Munthu wina akananama. Gomezgani analeredwa mosiyana.

"Ndinatsegula, amayi."

Pa foni Gomezgani ankamva tambala akulira kutali, ku Mulanje.

"Kamera ilimo?"

"Mulibe. Anatenga ndi..."

"Usanditchulire dzina la munthu wina. Ndinapatsa iwe." Anapuma mwamphamvu. "Mwana wanga ankakutcha mchimwene. Pakhomo panga usadzapondepo. Zimene zatsalazo umupatse Macfussy, adzabweretse iyeyo akadzapeza mpata. Ndi yekhayo amene wandiuza zoona."

Foni inaduka. Gomezgani anatsala ataigwira kukhutu. Macfussy, amene anamva zonse, anadzuka pa bedi, analambalala madzi aja mosamala kuti asanyowetse masokosi, n'kutambasula dzanja.

"Wamva mmene anenera amayi," anatero. "Bweretsa."