Wolankhula Anyamule Mwana

Mayi pobwera koyanika matewera anapeza chikwama chili kale pakhomo. Mkamwini wawo, dalaivala wa basi, anali atavala nsapato. Mwana wawo wamkazi ankagwetsa misozi pampando, khanda lili m'manja.

Chiyambireni misonkhano yachisankho, m'nyumba muja munalibe mtendere. Bambo, telala wokalamba, anali achipani china, mkamwini china. M'mawa umenewo bambo anamunena kuti ndi wogulidwa, mkazi wake akumva. Mkamwini anamenyetsa chitseko, khanda linadzidzimuka n'kulira mpaka kusasa mawu.

"Tikupita, amayi," anatero mkamwini. "Mwanayu sangakulire pakhomo pamene bambo ake amatukwanidwa."

"Apite," anatero bambo ali pamakina. "Achipani chakewo akamupatse nyumba."

Mayi anali atatopa. Ochapa anali iwo, otonthoza khanda iwo, ndipo tsopano mdzukulu yekhayo ankachoka chifukwa cha pakamwa pa amuna awiri. Anatenga khandalo, litangogona kumene, n'kuliika m'manja mwa bambo.

"Ndale sindikuletsani. Koma muno wolankhula zandale azinyamula mwana. Akamudzutsa, amugoneke yekha. Yambani inuyo, si mumatha kulankhula?"

Bambo anayang'ana kankhope kaja. Mawu anatuluka otsika, ngati a munthu wina. Anati achipani cha mkamwiniwo ndiwo anagwetsa shopu yawo pokuza msewu, osachenjeza, makina amene anawasiyira malemu bambo awo n'kuphwanyikira momwemo. Za shopuyo mkamwini ankazidziwa, koma anali asanaonepo apongozi ake akulira.

Anatambasula manja, nalandira khanda.

"Msewu womwewo ndi umene unatifikitsa kuchipatala mwana wanuyu akutaya magazi," ananong'ona. "Ukanakhala wakale uja, bwenzi tikunena zina. Sindinagulidwe, bambo. Koma akanakuchenjezani, pamenepo analakwa."

Bambo anatsegula pakamwa, mayi anawaloza ndi chala. Bambo anayamba atenga kaye mwana.

"Voti yanga sindisintha."

"Wakupemphani ndani?" anatero mayi.

"Koma liwu lija ndabweza."

Mkamwini anakhala pansi, nsapato zili kumapazi.

Chikwama chinakhala pakhomo paja mpaka masana, palibe wochinyamula, palibe wochibwezera kuchipinda. Mayi anadikira, kenako anachitsegula okha n'kutulutsamo matewera. Apachingwe aja anali asanaume.