Nyumba Yopanda Mng'alu

Madzulo amenewo ndinkathira mchere kabichi wopangira kimchi, ndiwo yathu yowawasa, mwana wanga Daon ali mtulo kuchipinda. Chiyambireni chisanu, mudzi wathu wa m'mapiri unali utataya makanda awiri. Onse anapezeka atazizira, m'nyumba mukununkha chitsamba chofukiza. Anthu ankanong'onezana kuti pali wina amene amasiya thupi lake pogona, n'kulowera m'ming'alu kukayamwa mpweya wa ana.

Ine ndinkadalira nyumba yathu. Mwamuna wanga Gyutae anaimanga yopanda mng'alu ngakhale wolowa nyerere, makoma ochindikala, denga lopanga magetsi ochuluka mpaka otsala kugawira mudzi. Mpweya umalowa ndi kutuluka kudzera m'makina, ndipo makinawo amafulumira anthu akachuluka m'chipinda.

Ndinatsegula chitseko kamphindi kukataya madzi. Nditabwerera, makina a kuchipinda kwa Daon ankalira ngati mukupuma anthu awiri. Fungo lija linali litadzaza. Ndinathawira naye pabalaza, a pabalaza nawonso anafulumira.

Gyutae anaseka kuti ndi fumbi chabe, komabe anawaza mchere ndi nyemba zofiira pakhomo kuti choipa chisadutsepo. Makina sanafatse. Daon anasiya kuyamwa, akupuma mobanika, milomo ikuda tsiku ndi tsiku. Kuchipatala sanapeze kanthu, ndipo titangobwerera kunyumba zinayambiranso.

Kenako dzuwa likulowa kunabwera a Pansik, mkulu wokhala kuseri kwathu. Akazi awo, a Malsun, amene anasokera Daon malaya ake oyamba, akuti anali asanadzuke chigonere madzulo aja ndinatsegula chitseko.

"Amake Daon, tsegulani windo limodzi. Pang'ono pokha."

"Kunjaku kukugwa chipale chofewa, agogo. Windo langa likukhudzana bwanji ndi akazi anu?"

Maso awo sanali pa ine. Ankayang'ana kuseri kwa phewa langa.

"Akusowa potulukira," ananong'ona. "Nyumba zonse amatuluka. Yanuyi yawakanika."

Kutsidya kwa msewu, m'nyumba yakale ya zitseko za mapepala, khanda la masiku ochepa linkalira. Ndinafunsa ngati a Malsun akatuluka apita kwawo. Mkuluyo anangoweramitsa mutu.

Kumbuyo kwanga Daon anatsamwa, kenako zii.

Ndinathamangira kuwindo, n'kulikankha ndi manja onse. Makina anafatsa. Daon anakoka mpweya, n'kulira mokweza. Ndinamukumbatira nditaima pawindopo, ndikumva fungo lija likutuluka. Silinakhotere kwa a Pansik. Linawoloka msewu.