Chipwitikizi cha a Elliot

"Chipwitikizi? Ine ndimachiyankhula ngakhale m'tulo!"

Anatero a Elliot pa siteji ya basi ku Limbe, madzulo ena m'masiku a Chitaganya. Anali kalaliki pa ofesi ina ya katundu, ndipo ku Beira anapitako kamodzi pa sitima, kuperekeza mabokosi. Anagona pa benchi, m'mawa n'kubwerera. Koma m'thumba la malaya munkaima zolembera zambiri, ndiye mnzawo wa kuntchito, a Lackson, anangoti, "Zoona, achimwene," maso ali kumsewu.

Kumbuyo kwawo kunaima Ida, mtsikana wosoka madiresi kwa mayi wina wa Chimwenye. Makolo ake anachokera kwa Apwitikizi, ndipo Chipwitikizi chenicheni anachimvapo m'kamwa mwa okalamba a ku Ndirande, makamaka akamatukwana. Chimene ankatulutsa a Elliot sichinkafanana nacho kwenikweni. Koma mawu awo anali okoma, munthunso wake wosaipa nkhope.

Mawa lake Ida anabwera ndi buku lokulunga mu mpango.

"Pepani achimwene, ndinakumvani dzulo. Mungandiwerengere ili?"

A Elliot anayang'ana bukulo, anayang'ana mtsikanayo, n'kuona kuti mtsikanayo ndiye wosavuta kuwerenga.

"Achemwali, buku lotere sawerengera panjira. Lifunika Lamulungu."

Lamulungulo, atatuluka m'tchalitchi, anakhala pa udzu pafupi ndi mtsinje wa Mudi. Bukulo linali laling'ono, lopanda chikuto, lodzaza zithunzi. Apa mwamuna wabereka mkazi kumbuyo. Apa wagwada, akumumanga nsalu pamkono. Apa akumumwetsa madzi.

"Amayi anadza nalo pothawa thangata," anatero Ida. "Ndili mwana ankandiwerengera madzulo aliwonse. Ankati uyu ndi January, uyu mkazi wake, akuoloka Ruo usiku, asilikali ali pambuyo."

"Amayi anu anaphunzira sukulu?"

"Ayi. Ankaloza ndi chala basi."

Ida anatsegula tsamba lomaliza, n'kulitsekanso msanga. Panali mkazi uja atagona pa machira, maso otseka, amuna awiri atamunyamula.

"Tikafika apa ankati, ‘Mawa, mwanangu.’ Mawalo silinafike. Nawonso anatuluka m'nyumba pa machira, ndipo sanabwerenso. Ndiuzeni, a Elliot, kodi mayiyu anafa?"

A Elliot anakhosomola. Anayendetsa chala pansi pa zilembo, milomo ikugwedera ngati ya m'busa pokonzekera ulaliki.

"Tisathamange, achemwali. Apwitikizi sakonda munthu woyambira kumapeto."

Anayamba patsamba loyamba. Ndipo apa tiwayamikire: bodza ankalidziwa kuposa Chipwitikizi. January wawo anali ndi mawu! Akagwada kumanga mkono wa mkazi wake ankati, "Duwa langa, ululu wako ndipatse ndiusenze." Akamumwetsa madzi ankati, "Imwa, wapamtima, ludzu langa limatha ndikakuona." Pofika mwezi wotsatira, mawu amenewa sankapitanso kwa mkazi wa pachithunzi.

"Mwezi wanga wa ku Ndirande, usiku sindinagone."

"Nsikidzi?"

"Inu, Ida! Inu!"

Ida ankaseka, n'kubisa nkhope mu mpango. Kodi sankaona kuti tsamba la mizere iwiri likubala nkhani ya masana onse? Ankaona. Koma chifere mayi ake, panalibe wina anakhalapo naye pansi n'kuloza ndi chala.

"Tsamba lomaliza ndidzakuwerengerani, duwa langa. Ili ndi lonjezo la mwamuna," ankatero a Elliot Lamulungu lililonse, akutseka buku.

Masamba anayamba kuchepa, ndipo a Elliot anachita mantha. Zoti mayi wa pa machira uja anafa kapena ali moyo, sizinali zoti n'kunama. Anabwereka bukulo, ati akalisoke ndi ulusi, n'kupita nalo kwa a Vinod, Mmwenye wa sitolo ya nsalu amene anakulira ku Beira. A Vinod anavala magalasi, anatsegula, n'kuseka mpaka kugwira tebulo.

"Bambo kalaliki, ili buku la chithandizo choyamba. Munthu akavulala, umanga chonchi, unyamula chonchi. January palibe!"

Munthu wanzeru akanameza nkhaniyo. Koma a Elliot, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, anali kudziwa chinthu choona cha m'Chipwitikizi. Akanachisunga bwanji m'mimba?

Madzulo omwewo pa siteji, anthu ali mbwee, anakweza bukulo m'mwamba.

"Alackson, taonani umbuli wa anthu akale! Buku la mabandeji ili, koma mayi wina analisandutsa nkhani ya chikondi. Ati akuoloka Ruo! Ruo wake uti? Uyu wathyoka mwendo basi!"

Ena anaseka. A Elliot anacheuka kuti aone ngati duwa lawo lagoma ndi maphunziro.

Ida sanalire. Anatambasula dzanja.

"Ndipatseni."

"Wapamtima, n'zocheza chabe..."

"Kuti mumanama ndinkadziwa, a Elliot. Amayinso zilembo sankazidziwa. Ndinkati mwina nanu mumanama chifukwa chondikonda, monga iwo." Anakulunga bukulo mu mpango, pang'onopang'ono. "Koma iwo sanandisekepo pagulu."

Basi itafika Ida sanakwere. Anayamba ulendo wa ku Ndirande wapansi.

Masabata anapita. Ida anasintha nthawi yoweruka. A Elliot anaonda, kolala n'kuyamba kuzungulira yokha m'khosi. Anatumiza kakalata kudzera kwa amayi a Christina, ogulitsa zitumbuwa pa siteji: "Duwa langa, popanda inu Limbe yense ndi manda." Kanabwerera tsiku lomwelo, katakulunga chitumbuwa.

"Wati mudye, mwaonda," anatero amayi a Christina. "Koma mawu ayi, akuti ali nawo okwanira."

A Elliot anadya chitumbuwacho ataimirira, akuganiza. Kuganiza kunali ntchito yachilendo kwa iwo, ndipo kunawatengera masiku. Kenako anabwereranso kwa a Vinod ndi funso limodzi lokha.

Loweruka masana, maofesi atatseka, siteji inadzaza. Ida analipo, poti tsiku limenelo basi ya ku Blantyre inali yomweyo kwa onse. A Elliot anavula chipewa.

"Alackson, mumve. Amayi a Christina, mumve. Nonse amene munaseka tsiku lija, mumve. Ine Chipwitikizi sindichidziwa."

"Timadziwa, achimwene," anatero a Lackson.

"Ngakhale liwu limodzi!"

"Timadziwa."

Izi zinawawawa kuposa mmene ankayembekezera, koma anapitiriza.

"Mtsikana uyu ndinamulonjeza tsamba lomaliza. Ndadza kudzapereka."

"Buku ndasiya kunyumba," anatero Ida, osawayang'ana.

"Silifunika. Ndinakafunsa kwa a Vinod. Ndinati, kodi mayi wa pa machira uja anafa? Iwo akuti ayi. Akuti m'buku lonse lija simufa munthu. Analilembera amoyo okhaokha. Pansi pa chithunzi analemba kuti oyenda naye ayende mwapang'onopang'ono, asamugwedeze, amufunditse asamve mphepo. Maso watseka chifukwa watopa basi."

Amayi a Christina anaiwala kuingitsa ntchentche.

Ida anagwira pakamwa. Zaka zonse zija ankaopa tsamba limodzi! Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

"Izi si zanga," anawonjeza a Elliot. "Zanga zinali zija za duwa. Izi n'zoona."

"Ndiye akupita naye kuti?" anafunsa Ida.

"Kuchipatala, mwina. A Vinod akuti sanalembe."

"Sanalembe," Ida anabwereza. Kenako anafunsa, "Nanga January ali kutsogolo kapena kumbuyo kwa machira?"

A Elliot anatsegula pakamwa kuti anene kuti January kulibe. Anayang'ana nkhope ya Ida, n'kutseka. Linali phunziro lalikulu kuposa onse amene anapeza kusukulu.

"Ali kumbuyo," anatero motsitsa. "Kuti azimuona nkhope."

"Walipira," anagamula amayi a Christina. "Tonse tamva."

Basi inafika ikutsokomola utsi. Anthu anakankhana pakhomo. Ida anaponda pa chitsulo chokwerera, n'kutembenuka.

"Amalume anga ndi a Paston, akalipentala a kuseri kwa msika wa Ndirande. Mukatumize akulu anu. Koma muwauze akayankhule Chinyanja."