Nsapato za Pakhonde la a Haidari

Zoyamba kusowa zinali nsapato za mwana. Marzia, mwana yekhayo wa Nasrullah Haidari ndi mkazi wake Gulsoom, anazivula pakhonde madzulo monga mwa chizolowezi chawo, pakuti kwa iwo nsapato sizilowa m'nyumba imene anthu amapempheramo. Kutacha, pakhondepo panali za bambo ndi za mayi basi.

Inali nyengo yoipa ku Shepparton, tauni ya m'dziko lachilendo kumene a Haidari anathawira kuchoka kwawo. Masiku apitawo munthu wina anali atalowa mumzikiti kutsidya kwa nyanja n'kuwombera anthu ali pa mapemphero. M'tauni muno simunafe munthu, ngakhale wokalika chala, koma aliyense anaonera kanema mpaka maso kufiira, ndipo chimene ankaonetsa mobwerezabwereza chinali nsapato zondandalikana pakhomo pa mzikitiwo, eni ake osatulukanso. Chiyambire pamenepo, chitseko chikangomenyeka ndi mphepo anthu ankagwetsa mbale m'manja.

"Ndi galu ameneyo," anatero Nasrullah akumwa tiyi.

"Galu wanji wotenga zonse ziwiri, bambo a Marzia?" anafunsa Gulsoom motsitsa mawu.

Usiku wotsatira Gulsoom sanagone. Msewu wonse unali zii, ndipo m'kati mwa bata limenelo anamva chinthu chikukwekwesa mpanda wamalata, pang'onopang'ono, n'kuima, n'kuyambanso, kulunjika pakhonde. Kenako kunamveka kupuma kolemera kuseri kwa chitseko, pafupi kwambiri moti anaganiza kuti munthuyo waika khutu pathabwa kuti amvere mmene mwana akupumira. Anafuna kudzutsa mwamuna wake koma anaopa kuti munthuyo amva. M'mawa nsapato za Gulsoom panalibe.

Kumunda wa maapozi kumene Nasrullah ankagwira ntchito, nkhaniyo inakula isanafike nthawi ya chakudya. Ena ankati aona galimoto yoyenda usiku yosayatsa magetsi, ena ankati nyumba za Asilamu zikuikidwa chizindikiro. Mnzake wina anamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti, "Akukuwerengani, achimwene. Ndipo mwaona amene ayambira? Ayambira mwana." Wapolisi amene Nasrullah anakamuuza anamumvetsera mwaulemu, n'kumulangiza kuti azilowetsa nsapato m'nyumba.

"Tingolowetsa basi, n'chiyani kodi," anadandaula Gulsoom.

"Lero tilowetse nsapato, mawa uvule mpango, mkuja tisinthe dzina? Ndinathawa kamodzi, mayi a Marzia. Zikhala pomwepo, wozitengayo ndimuone nkhope."

Nsapato zinapitirira kusowa, za munthu mmodzi usiku uliwonse. Chimene chinkamupweteka kwambiri Gulsoom chinali chakuti panalibe womuuza. Mnansi wawo, gogo Doreen Pickering, mayi wamasiye woyendera ndodo amene kale ankawapatsira mandimu pampanda n'kumutcha Marzia mdzukulu wawo, anali atasiya kutuluka. Makatani awo anali otseka, ndipo kanema wawo ankaphethira usiku wonse. Tsiku lina Gulsoom anawaona atasuzumira pakhomo pawo n'kuwapatsa moni. Gogoyo anayang'ana pakhonde la a Haidari, anatsegula pakamwa ngati anene kanthu, koma anangoti, "Kwayamba kuzizira, eti?" Anthu a kuno ndi otero, angalole kufa nazo mumtima kusiyana ndi kuuza mnansi mawu oti angamukhumudwitse. Gulsoom analowa m'nyumba n'kulira, poganiza kuti nawonso agogo ayamba kuwaopa.

Zitatha nsapato zonse, Nasrullah anaika pakhonde majombo ake a kuntchito, anathimitsa magetsi, n'kukhala kuseri kwa chitseko atagwira mpini wa fosholo. Anali asanagone bwino kwa masiku ambiri, ndipo akatsinzina ankaona nsapato za Marzia zili pamzere wa pakhomo pa mzikiti uja. Mdima unali wandiweyani. Anamva firiji ikulira, anamva mwana akutembenuka pabedi, kenako anamva kukwekwesa kuja kukubwera ndi mpanda. Kunaima. Thabwa la pakhonde linalira, ndipo kupuma kuja kunatsikira pansi, pomwe panali majombo.

Anatsegula chitseko n'kumenya ndi mphamvu zonse za munthu woteteza mwana wake. Anamenyanso kachiwiri.

Gulsoom atayatsa getsi, pansi panali gogo Doreen atavala chovala chogonera, magazi akuyenderera m'tsitsi lawo loyera, majombo atawakumbatira pachifuwa. Ndodo anali ataisiya kunyumba kuti isagogode, n'chifukwa chake ankayenda chogwira mpanda ndi dzanja limodzi, linalo n'kunyamula nsapato zimene akanatha.

"Mayi, mayi, ndinu?" Nasrullah anagwada.

"Musamaziike panja, ana anga," ananong'ona gogoyo. "Anthu oipa akadutsa adziwa kuti mumakhala muno. Ine ndinaziona zija za pakanema, sindigona. Ndimafuna kukuuzani, koma ndimaopa mungati ndikunyoza mwambo wanu. Za Marzia ndazipukuta."

Gogoyo anamwalira ambulansi isanafike kuchipatala. Pansi pa bedi lawo apolisi anapeza nsapato zonse za a Haidari zitandandalikidwa bwinobwino, zazing'ono zili kukhoma, kobisika kwambiri.

Nasrullah anatengedwa m'mamawa ali wopanda nsapato, pakuti majombo aja anali umboni. Anthu a mumsewumo, omwe aja ankagwetsa mbale, anaima m'makomo mwawo atapinda manja, ndipo mayi wina anati mokweza ndithu, "Ine ndinkanena, anthu awa sungawadziwe." Palibe anafunsa za nsapato. Madzulo ake kanema anaonetsa nyumbayo, khonde lake, mpanda wake, ngakhale njinga ya Marzia yotsamira khoma, ndipo anaibwereza monga ankabwerezera mzikiti uja.

Usiku umenewo pakhonde panalibe nsapato ngakhale imodzi, monga momwe gogo Doreen ankafunira. Gulsoom anakhala pansi mumdima, mwana ali pamiyendo, dzanja lili pakamwa pa mwanayo. Kunja galimoto inabwera pang'onopang'ono yosayatsa magetsi, ndipo sinavutike kufunafuna. Inaima pakhomo pawo penipeni.