Lendi Yomwe Fikadu Anakweza

Mu mpanda wathu ku Saris munalibe khomo lamtendere ngati la mayi Yeshareg. Ankachita lendi zipinda ziwiri pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo ankakhalira kuphika ndi kugulitsa injera, buledi wopyapyala wophikira pachiwaya. Mwana wawo Fikadu anabadwira momwemo, ndipo anali wosajomba kutchalitchi. Ine ndinkakhala pakhomo loyandikana nawo, ndiye izi sindinachite kumva.

Atalephera mayeso, Fikadu anayamba kuswera pasiteshoni ndi a Mulatu, delala wosakira anthu nyumba. Paja delala amadya pokhapokha wina akasamuka.

"Mphwanga, walendi wokhazikika sakudyetsa," anatero a Mulatu. "Uziuza eni nyumba kuti pafupi ndi sitima lendi ya chipinda yafika mabiri sikisi sauzande. Iwo akungolandira folo sauzande, ngati ali kutulo."

"Nanga okhalamowo, Gashe?" anafunsa Fikadu, kuwaitana mwaulemu ngati mkulu wake.

"Mwini awauze kuti mwana wake akubwera kuchokera kunja, akufuna nyumbayo. Angalimbane ndi mwana wa mwini ndani?"

Zoipa sizivuta kuphunzira. Mwezi usanathe Fikadu anali atasamutsa mabanja atatu mumsewu wathu womwewu, nagula nsapato zonyezimira.

"Mwanawe," anatero mayi ake akumuthirira khofi, "ndakumana ndi mayi Tsehay a mumsewu uno atakweza matiresi pangolo, akulira. Akuti wawasamutsa ndiwe."

"Ndi msika umenewo, amayi. Njanjiyi ndinayala ine?"

"Moto umapita komwe kwatsala tchire. Nafenso ndife alendi."

Fikadu anangoseka, nasiya khofiyo osamwa. Ine ndinali pomwepo, koma sindinamudzudzule, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Masana ena Fikadu anafika ndi nyama m'pepala. Anapeza bedi lili panja, chiwaya cha injera chitatsamira khoma. Mwini mpanda, mayi Aselefech, anayang'ana kumbali.

"Mwana wanga akubwera kuchokera ku Amerika."

Tonse tinkadziwa kuti mayiwo sanaberekepo. Kumbuyo kwawo kunali a Mulatu, makiyi kumanja, ali ndi banja lachilendo.

"Gashe, pano ndi kwathu," anatero Fikadu.

"Ndikudziwa, mphwanga. Lendi ya msewu uno unaikweza wekha. Ndikanapasiya ine, akanadyapo wina."

Fikadu anazungulira makomo onse omwe ankawadziwa, kupempha kachipinda koti mayi ake angakwanitse. Aliyense anamutchulira mtengo womwe iye anamuphunzitsa. Mayi Yeshareg anakwera galimoto ya katundu kupita kwa mchemwali wawo kunja kwa mzinda, kutali ndi onse owagula injera. Fikadu atagwira chitseko kuti akwere nawo, mayi akewo anamuchotsa dzanja.

"Usandiperekeze. Pita ukapepese kwa mayi Tsehay."

Fikadu anatsala ali chilili pamsewu, akulira ngati kamwana.

Achinyamata, dyera ndi bodza ndi tchimo, ngakhale mutalitcha msika. Mukamadyera misozi ya anzanu, tsiku lina olirawo adzakhala mayi anu.