Nyimbo ya Chijapani ya Tobias

Basi idachedwa m'mawa umenewo ku Etobicoke, ndipo Vainess adali atatopa kale tsiku lisanayambe. Mwana wamusiya kusukulu akunyinyirika, nsapato zanyowa, kuntchito okalamba akudikira kuti akawasambitse.

Pambali pake bambo wina wamtali ankagwedeza mutu, phazi likumenya pansi, ngati kunja sikukuzizira.

"Anthu ena mavuto alibe," adang'ung'udza Vainess, poganiza kuti palibe angamve.

Bamboyo adachotsa hedifoni imodzi kukhutu. "Mavuto alipo, achemwali. Koma tamvani kaye izi."

Chichewa! Pa siteji ya basi ku Toronto! Vainess adagwidwa manyazi, komabe adalandira kachinthuko n'kuika kukhutu. Malipenga adalira, gitala wa besi akugunda, mwamuna wina akuimba chinenero chachilendo, azimayi akuvomera kumbuyo.

"N'chiyani chimenechi? Chitchaina?"

"Chijapani. Gulu limeneli lidayamba kuimba ife tikukwawa, mpaka lero silidatope. Ndidakaphunzira ulimi wothirira ku Japan komweko. Satifiketi ili m'sutikesi, mwini wake akunyamula makatoni pafupi ndi eyapoti. Chomwe ndidapindula ndi nyimbozi. Ndine Tobias, kwathu ku Mchinji."

"Vainess, wa ku Mulanje. Basi yanga ndi iyo."

"Ndiye mukundisiya opanda nambala? Nyimbo yakenso sinathe!"

Vainess adaseka. Chimwalirireni bambo a mwana wake Joan, adali asanasekepo choncho.

Kuyambira pamenepo foni yake sidapume. M'mawa uliwonse inkabwera nyimbo ya gulu lomwelija, ndi meseji pansi pake.

"Duwa langa la ku Mulanje, wadzuka? Iyi ndi ya malipenga, uzivina ukutsuka mbale."

"Mbale sizivinidwa, bambo inu."

"Bebi, ndakumisa mpaka chakudya sichikulowa."

"Idyani. Mukakomoka kuntchito ine ndilibe nthawi yokakuzondani."

Ankayankha mokalipa choncho, koma nyimbozo ankazimvera zonse, m'basi, pochapa, ngakhale popesa agogo ena achizungu amene ankaombera m'manja malipenga akayamba. Mawu sankamva ngakhale limodzi. Nanga zidali ndi kanthu?

Padali ina yodekha, ya piyano. Tsiku lina Tobias adaiimba yekha m'khitchini mwa Vainess, dzanja lili pamtima, maso atatsinzina.

"Uncle Toby, you sound like a goat!" adakuwa Joan, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

"Iwe! Ulemu!" adatero mayi ake, naonso akubisa mano. Kenako adafunsa chapansipansi, "Akuti chiyani m'menemo?"

"Tanthauzo ndidzakuuza tsiku la ukwati wathu. Iyi ndi yathu, ine ndi iwe basi. Sindidamuimbirepo mkazi wina, Mulungu ndi mboni."

"Tobias, ine si mtsikana. Ndili ndi mwana, ndipo wayamba kukuzolowerani. Ngati n'zocheza, nenani lero."

"Mtima wanga, kukangofunda tichita chinkhoswe. Joan ndi mwana wanga. Ndikakunamiza ndife!"

Kumene Tobias ankakhala, mumzinda wa Hamilton, sadamutengerepo Vainess. Ankati amakhala ndi anyamata m'chipinda chapansi, si malo ofikako mayi waulemu wake. Kumaphwando a Amalawi ankakananso kupitira limodzi. "Anthu athu miseche, switi. Tiwadzidzimutse ndi makhadi a ukwati." Vainess adakhulupirira. Munthu ukatopa ndi kusenza zonse wekha, wina n'kukuuza kuti tula, umafunsa mafunso angati?

Kudafunda, chinkhoswe osachitika. Chisanu chitayambanso, Tobias adati akuntchito amutumiza ku Calgary kukaphunzira makina atsopano. Sabata yomweyo pa gulu la amayi la pafoni padabwera uthenga wa mayi Mathilda, wapampando wawo.

"Amayi, ku Hamilton kwafika mlendo wochokera kumudzi, mayi a Nthanda, atsatira amuna awo. Abwera ndi zitenje zokha. Amene muli ndi majekete, zipewa ndi magolovesi, tiyeni tiwaveke."

Ndi m'mene amachitira: wofika kale amaveka wofika kumene. Dzina la mwamuna palibe adafunsa, mayi amadziwika ndi mwana wake. Loweruka Vainess adalongedza zovala zimene zidamuchepera Joan, adaonjezapo jekete yake yofiira, n'kukwera sitima.

Adamutsegulira mayi wochepa thupi, wansangala, atavala majuzi awiri.

"Lowani, achemwali, lowani! Ndine Sungeni, koma onse amangoti mayi a Nthanda. Kuno ndiye kufiriji, eti?"

"Simunaone kanthu. Dikirani Januwale."

Kamtsikana kadatulukira kuseri kwa mpando, kumapazi kuli tinsapato ta pulasitiki. Katavekedwa jekete ya Joan kadayamba kuzungulira m'chipindamo, kakuvina popanda nyimbo.

"Katengera bambo ake," adaseka Sungeni akuthira tiyi. "Paukwati wathu tidaseketsa Mchinji yonse. Anthu amayembekeza kwaya, ife tidalowa ndi za ku Japan! Taonani nokha."

Adamupatsira foni. Malipenga adalira. Besi idagunda. Anyamata ndi atsikana a pamzere ankaponya sitepe m'fumbi, ndipo kumbuyo kwao mkwati wamtali wa suti yoyera ankagwedeza mutu, phazi likumenya pansi.

Tiyi adatayikira pa siketi ya Vainess. Sadamve n'kutentha komwe.

Ayi! Mwina ndi m'bale wake? Mwina maso? Koma mkwatiyo adatenga maikolofoni, piyano idayamba, dzanja lidapita pamtima.

"Imeneyo ndiye yathu," adatero Sungeni, maso akuwala. "Zaka zonse ali kuno amandiimbira pafoni Lamulungu lililonse. Akuti sadamuimbirepo mkazi wina. Koma tanthauzo mpaka lero akundizemba!"

Chitseko chidatseguka. Adalowa Tobias, majumbo a m'sitolo m'manja monse. Calgary yake idali imeneyi!

"Adadi!" Nthanda adamuthamangira. "Taonani jekete yanga!"

Jumbo limodzi lidagwa, malalanje n'kumwazika pansi.

"Bambo a Nthanda, perekani moni," adatero Sungeni. "Awa ndi achemwali a Vainess, achokera ku Etobicoke konse kudzativeka. Anthu abwino alipobe."

Vainess adaimirira. Adayang'ana kamwanako, kakukumbatira mwendo wa bambo ake, ndipo mawu onse amene adadzaza m'kamwa adawameza. Adapinda bondo pang'ono monga achitira mayi kwa mwamuna wa mnzake.

"Muli bwanji, bambo a Nthanda?"

"Ndi... ndili bwino, kaya inu, mayi?"

"Tilipo. Mwayenda bwanji pa ulendo wanu?"

"Ulendo wanji?" adaseka Sungeni. "Angopita pa sitolo apa!"

Vainess adatenga chikwama chake. Pakhomo Sungeni adamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Mudzabwerenso, chonde. Kuno ndilibe mnzanga."

"Mayi Mathilda adzakutumizirani amayi ena. Ine ntchito imandichulukira."

Sitima isanafike n'ku Oakville komwe, foni idayamba kunjenjemera.

"Bebi, ndikufotokozera."

"Adandikakamiza ndi makolo, mtima wanga uli kwa iwe."

"Duwa langa, yankha! Ukandisiya ndifa!"

Kufa? Amene ankafa adali iyeyo, pampando wa pawindo, chipewa atachikokera kumaso kuti azungu asaone. Nanga Joan akamuuza chiyani? Kuti Uncle Toby adali ndi mwana wakewake wogulira malalanje? Adalira mwakachetechete mpaka mpango udanyowa. Kenako adamina, adapukuta m'maso, n'kulemba:

"Nthanda alibe nsapato za chisanu. Mumugulire lero, zala zingaume. Kwanga musadzapondeko."

Adabuloka nambalayo. Atatsika sitima adadutsira m'sitolo kugula mkaka ndi buledi, chifukwa kunyumba mwana adali asanadye.